NCHITO ZA ANA ATHU: Mnyamata Wophwasula Mawailesi

Sabata ino talandira kalata yocokera kwa bambo wina wa m'boma la Dowa, ndipo tiganiza kuti funso lace liri m'mitima ya makolo ambiri. Iye ati mwana wace wamwamuna walemba mayeso a Fomu 4, ndipo aphunzitsi amtama pa masamu ndi sayansi. Kuyambira ali wamng'ono mnyamatayo sanalole kanthu kokhala ndi waya kukhala pa mtendere. Anaphwasula mawailesi awiri a m'nyumba. Ina anaidzutsa, ina inafera pompo. Tsopano afuna kukaphunzira nchito yolinganiza makina a magetsi, imene pa Cingerezi amati electronics. Koma atsibweni ace a mnyamatayo akana. Iwo ati zonse zicokera ku China masiku ano, okonza mafoni adzaza kale pa msika, ndipo kugulitsa ng'ombe cifukwa ca nchito yotere ndiko kutaya cuma m'madzi. Tsono bamboyo afunsa: Kodi ndigulitse ng'ombe, kapena iai?

Ng'ombe ndi yanu, bambo, ndipo ife sitingakugulitsireni. Koma mwacita bwino kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Khalani pansi, muitane atsibweniwo, timve pamodzi mmene nchito iyi iriri.

AMISIRI ATATU

Poyamba tisiyanitse zinthu zimene atsibweni azimanga mtolo umodzi. Pa nyumba ya njerwa pali amisiri atatu. Woyamba ndiye wolemba pulani. Iye aganiza kutalika kwa khoma, kuya kwa maziko, malo a khomo ndi mazenera, anthu asanaumbe njerwa ndi imodzi yomwe. Waciwiri ndiye womanga, amene atsata pulaniyo. Wacitatu ndiye uja mumuitana denga likayamba kudontha. Pa wailesi, pa foni, ndi pa kabokosi ka sola kamene kali pa cipupa canu, amisiri ali atatu momwemo: wolinganiza, wolumikiza ziwalo m'fakitale, ndi wokonza zikaonongeka. Onse atatu agwira waya ndi mtobvu, koma maphunziro ao si amodzi, ndipo nyengo ikasintha sagwa tsiku limodzi. Mwana wa bambo wa ku Dowa afuna nchito yoyambayo.

Kuti muone nchito ya wolinganiza, funsani agogo za wailesi ya Saucepan Special. Kale mawailesi anali a Azungu ndi a anthu olemera a m'tauni, pakuti anali a mtengo wapatali ndipo ambiri anafuna magetsi a m'nyumba. Mkulu wa za nkhani m'Boma la Northern Rhodesia, Harry Franklin, anayenda m'makampani a ku Britain kufuna amene angapange wailesi yoyenera m'mudzi, ndipo kampani ya Ever Ready inabvomera. M'caka ca 1949 wailesiyo inafika m'masitoro. Thupi lace linali lozungulira ngati sefuliya yopanda cogwirira, lopakidwa utoto wabuluu. M'kati munali mavalavu 4, ndiwo timabotolo ta galasi totentha ngati babu. Mtengo wace unali £5, ndipo batire lace lalikulu linali 25s. Pa ziboo zace anachingapo kuti mphemvu ndi tizirombo tina tisalowe. Anthu a kuno anamva nayo mau a Cinyanja ocokera ku Lusaka.

Taonani tsono zimene wolinganiza wailesi yotere ayenera kudzifunsa. Kodi wogula ali ndi ndarama zingati? Kodi magetsi awatenga kuti? Kodi m'nyumba mwace muli fumbi, citungu ndi mphemvu? Atayankha mafunso awa asankha ziwalo, nawerengera mphamvu imene ciwalo ciri conse cidzadya, najambula njira za waya, napanga imodzi yoyesera, naiyesa, naikonza, naiyesanso. Iyi ndiyo nchito yace kufikira lero.

MMENE NCHITO YASINTHIRA

Atsibweni sananame ponena kuti zinthu zasintha. Wailesi ya sefuliya isanafike n'komwe m'masitoro, cinthu codzaipha cinali citabadwa kale. M'mwezi wa December 1947, ku Bell Laboratories ku America, John Bardeen ndi Walter Brattain, a m'gulu la William Shockley, anapanga transista. Alimi a madimba adzaimva msanga. Iri ngati kacitseko ka pa ngalande, kamene mwana angakatsegule ndi dzanja limodzi, koma kalamulira madzi ambiri opita ku munda. Magetsi ocepa atsegula kapena kutseka njira ya magetsi ambiri. Valavu inkacita zomwezo, koma inali yaikulu, yosweka msanga, ndi yakudya batire ngati dzombe. Pofika 1954 ku America anayamba kugulitsa wailesi ya matransista 4 yolowa m'thumba la malaya, ndipo patapita zaka zocepa mmisiri wodziwa mavalavu okha anayamba kusowa pogwira.

Sizinathere pomwepo. M'caka ca 1958 Jack Kilby, amene anali atangolembedwa nchito ku Texas Instruments ndipo analibe masiku a chuthi monga anzace, anatsalira pa nchito pamene ena anakapuma, naganiza zoika ziwalo zonse pa kacidutswa kamodzi. Caka cotsatira Robert Noyce anapeza njira yocitira zimenezi pa silikoni, amene ayengedwa kucokera ku mwala wonga mcenga woyera. Kacidutswa kotere ndiko kamene amati chip. Chip ya Intel ya caka ca 1971 inali ndi matransista 2,300. Chip ya Apple ya caka ca 2020 inali nao 16 biliyoni, ndiko kuti kawiri ciwerengero ca anthu onse a pa dziko lapansi, pa malo onga cikhadabo ca cala cacikulu. Palibe dzanja la munthu lingajambule zotere. Kale amisiri ankajambula pa pepala ndi kudula ndi kampeni. Lero ajambula pa kompyuta, ndipo zambiri zimene zinkacitika ndi waya tsopano zicitika ndi malangizo olembedwa, amene amati pulogramu. Cifukwa cace wolinganiza wa lero ayenera kudziwa zonse ziwiri, waya ndi pulogramu.

CIGAYO CA KU TAIWAN

Mafakitale naonso anasamuka. Akulu akumbukira wailesi ya Nzeru, imene inkalumikizidwa ku Blantyre, ndi ya Supersonic ya ku Bulawayo ndi ku Livingstone. Mawailesi ochipa a ku Asia atadzaza m'masitoro, nchito yolumikiza mawailesi kuno kwathu inazirala, ndipo lero simudzapeza Nzeru yatsopano m'sitoro. Si kuno kokha ai. Ngakhale ku Britain ndi ku America mafakitale ambiri a mawailesi ndi ma TV anatsekedwa. Amene anaphunzira kulumikiza wailesi ya mtundu umodzi wokha anabwerera kwao ndi manja okha.

Koma pali mbali ina imene atsibweni sanaimve. Kale kampani yolinganiza chip inayenera kukhala ndi fakitale yace-yace, monga ngati mlimi ali yense akanayenera kugula cigayo asanadye nsima. M'caka ca 1987 Morris Chang, wobadwira ku China, amene anagwira nchito zaka 25 ku Texas Instruments, anatsegula ku Taiwan kampani ya TSMC, ali ndi zaka 55. Kampani iyi iri ngati cigayo: cimanga cace-cace iribe, ingogaya ca anthu ena. Inu mubwera ndi pulani, iyo ikupangirani chip. Lero TSMC ilandira zoposa theka la ndarama zonse za nchito ya ganyu imeneyi pa dziko lapansi. Cigayo cotere cimodzi cifuna madola oposa 10 biliyoni kuti cimangidwe, ndipo tisadzinamize kuti tidzaciona ku Kanengo caka ca mawa. M'caka ca 2021, ma chip atacepa, ngakhale mafakitale a magalimoto ku Germany, ku Japan ndi ku America anaima, kudikira pa mzere wa zigayo zocepazo.

Tsono tamverani. Cifukwa ca zigayo zimenezi, wolinganiza safunanso kukhala pafupi ndi fakitale. Kampani ya Arm ya ku Cambridge ku England iribe fakitale yopangira chip; igulitsa mapulani, koma pafupi-fupi foni yamakono iri yonse iri ndi ubongo wotsata pulani yace. Foni yolembedwa kuti inapangidwa ku China kawiri-kawiri iri ndi nzeru za amisiri a maiko ambiri m'kati mwace.

CIMENE SICISINTHA

Magetsi eni ace sanasinthe. M'caka ca 1827 Georg Ohm, mphunzitsi wa sukulu ku Germany, mwana wa mmisiri wosula maloko, analemba lamulo la mmene magetsi ayendera m'waya. Ali ngati madzi m'paipi: mukaonjeza mphamvu yokankha, oyenda acuruka, mukapanikiza njira, acepa. Lamulo ili linagwira nchito m'wailesi ya sefuliya, ndipo ligwira nchito m'foni imene iri m'thumba mwanu. Kutentha kupha ziwalo lero monga kale; cinyezi cicititsa dzimbiri; mphezi ikagwa pafupi iocha. M'caka ca 1971 mmisiri wobadwira ku Switzerland, Hans Camenzind, anajambula ndi manja ace kachip kowerengera nthawi, dzina lace 555. Papita zaka zoposa 50, makampani ambiri otukuka a nthawi imeneyo anafa, koma 555 ikali kupangidwa, ndipo ophunzira ambiri ayambira pa iyo.

Mmisiri wogwira mizu iyi ali ngati mlimi wodziwa nthaka. Mbeu zisintha: dzulo cimanga ca makolo, lero ca haibridi, mawa soya. Wodziwa nthaka ndi mvula aphunzira mbeu yatsopano m'dzinja limodzi, koma wongoloweza tsiku lobzala asocera mbeu ikasintha. Nchito iyi tsono iri ndi msonkho wace: mwini wace saleka kuphunzira kufikira imvi. Zina mwa zipangizo zimene mwana wanu adzaphunzira m'caka coyamba zidzakhala zitatha nchito iye asanamange banja.

ZITSEKO ZIMENE ZATSEGUKA

Kusintha komweku, kumene kunatseka mafakitale, kwatsegula zitseko zina. M'kati mwa wailesi muona kathabwa kobiriwira kokhala ndi tinjira ta mkuwa. Amisiri amati bolodi. Kale pulogramu yojambulira bolodi inali ya mtengo woposa ng'ombe zingapo. Lero iripo ina, dzina lace KiCad, imene munthu ali yense angaitenge pa intaneti osalipira. Kuyambira 2005 kuli kabolodi ka Arduino, kamene aphunzitsi a ku Ivrea ku Italy anakalinganiza kuti ophunzira ao ayambirepo ndi ndarama zocepa. M'caka comweco mtsikana wina wophunzira ku America, Limor Fried, anayamba kugulitsa tizipangizo ta magetsi ali m'cipinda cace ca ku sukulu, ndipo kampani yace ya Adafruit inadzakhala ndi fakitale ku New York. Makolo a ana akazi, mwamva kodi? Nchito iyi siifuna mapewa; ifuna mutu, maso, ndi zala zodekha zonga za uja asankha mpunga m'licero, pakuti ziwalo za lero zina zicepa ngati njere za mawere.

Wophunzira wa ku Blantyre angajambule bolodi lace, natumiza pulani pa intaneti ku Shenzhen ku China, ndipo patapita masabata ocepa mabolodi afika pa ndege. Cobvuta kuno ndi ndarama zakunja, ndi mtengo wa ndege, umene kawiri-kawiri uposa mtengo wa mabolodi eni ace. Koma njira iripo, imene agogo ace analibe.

Ndipo mwana wa kumudzi ali ndi cuma cina cimene injiniya wa kutali alibe: bvuto aliona ndi maso ace. Mafoni a Tecno ndi itel anafala mu Africa cifukwa eni ace, kampani ya Transsion, anayamba aona kuti anthu kuno afuna malo a makadi awiri ndi batire lokhalitsa. Ku cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre, madotolo pamodzi ndi ophunzira a Rice University ya ku America analinganiza makina a Pumani, othandiza makanda obvutika kupuma, ndipo m'kati mwace anaikamo timapampu tochipa ta m'mabokosi owetera nsomba. Poyesedwa m'caka ca 2012, makanda 71 mwa 100 anapulumuka, pamene opatsidwa mpweya mwa njira yakale anapulumuka 44 mwa 100. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anayamba ndi kuphwasula mawailesi monga mwana wanu. Analeka sukulu pa njala ya 2001 ndi 2002, koma anawerenga mabuku a m'laibulale, namanga makina a mphepo opanga magetsi ndi njinga yakutha, cikupizo ca thirakitala ndi mitengo ya bulugamu. Anthu anamuyesa wamisala. M'caka ca 2014 anatsiriza maphunziro ku Dartmouth College ku America.

Nanga zosowa zathu zatha? Iai. Tifuna kabokosi ka sola kosafa mphezi ikang'anima. Tifuna kacipangizo kochipa kouza mlimi ngati cimanga cauma kufikira madzi a magawo 13 mwa 100, kuti cisacite cuku m'thumba. Tifuna koyezera kutentha m'balani ya fodya usiku, bokosi loswetsa mazira, ndi pampu ya sola ya ku dimba. Zina mwa izi ziripo kale m'masitoro, koma zambiri zinalinganizidwa ndi anthu amene sanagonepo m'nyumba ya udzu, ndipo zikafa ziwalo zace sizipezeka.

KOPHUNZIRA NDI KOGWIRA NCHITO

Wofuna kukhala injiniya ayenera kukhoza bwino masamu, fizikisi ndi Cingerezi pa mayeso a MSCE. Ku Blantyre kuli MUBAS, imene kufikira 2021 inali Polytechnic, kumene maphunziro a uinjiniya atenga zaka 5. Ku Thyolo kuli MUST, imene inalandira ophunzira oyamba m'caka ca 2014. Amene sapeza malo kumeneko asataye mtima, pakuti sukulu za umisiri zoyang'aniridwa ndi TEVETA, monga Lilongwe Technical College, ziphunzitsa za magetsi m'zaka zoceperapo.

Koma tinene zoona. Malo a nchito yolinganiza yokha-yokha ali ocepa m'dziko muno. Ambiri otsiriza maphunziro awa alembedwa ku ESCOM ndi ku EGENCO, ku makampani a mafoni, ku zipatala kukasamala makina, ku mafakitale a shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa, ndi ku makampani a sola. Izi ndi nchito zabwino, ndipo ziphunzitsa munthu mmene makina afera, ndiko kuyamba kwa kudziwa kulinganiza makina osafa msanga. Ena apita kunja. Ena ayamba kanchito kao madzulo ataweruka. Ndipo ena akhala nthawi ali kufuna-funa nchito. Munthu akakuuzani kuti mwana adzabwera ndi galimoto caka cotsatira, ameneyo ali kukunyengani.

YANKHO LATHU

Tsono, bambo wa ku Dowa, musagulitse ng'ombe lero. Yambani mwamuyesa mnyamatayo, pakuti kuphwasula adziwa mwana ali yense. Coyamba, kodi akaphwasula cinthu ajambula cimene waona, nabwezera ciwalo ciri conse m'malo mwace? Caciwiri, kodi akonda masamu, kapena akonda waya yekha? Mfunseni cotere: mababu 3, liri lonse la mawati 5, akayaka maola 4 usiku, adya mphamvu yotani? Akayankha kuti 60, naonjeza yekha kuti batire la sola siliyenera kukamidwa mphamvu yonse, kotero mugule losunga zoposa pamenepo, mwana wanu ali ndi mutu wa nchito iyi. Cacitatu, kodi cinthu cikakana kawiri, katatu, acitaya ndi mkwiyo, kapena agona nalawiriranso m'mawa? Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Akapambana izi, mgulireni mita yoyezera magetsi, imene mtengo wace sufika pa mbuzi, ndipo mupemphe wokonza mawailesi wa pa msika kuti amlole kukhala pambali pace pamene ali kudikira kusankhidwa. Kalata ya ku yunivesite ikafika, ayambe wapempha ngongole ku bungwe la Boma lobwereketsa ndarama kwa ophunzira. Zikaperewera, pamenepo khalani pansi ndi mai ace ndi atsibweni ace. Yamphongo mungagulitse, koma yaikazi yoswa muisunge, ndipo ng'ombe za pa ngolo musazipatule, pakuti azing'ono ace naonso adzafuna sukulu. Musapereke ng'ombe kwa munthu wolonjeza kuphunzitsa nchito yonse m'miyezi 3. Kusintha galasi la foni ndi nchito yodyetsa munthu, ndipo ife sitiinyoza. Koma imeneyo ndi nchito ya mmisiri wacitatu uja, ndipo mapangidwe a mafoni akasintha, wodziwa yokhayo adzafanana ndi mmisiri wa mavalavu.

Cenjezo limodzi kwa makolo onse. Ana aphunzirire pa zinthu za mabatire ang'ono zokha. Asatsegule TV, invata, kapena ciri conse columikizidwa ku magetsi a ESCOM, pakuti zina zisunga mphamvu yakupha ngakhale zitazimitsidwa. Batire la foni lotupa asalibaye ndi msomali, cifukwa liyaka moto. Ndipo akagwira mtobvu asambe m'manja asanadye.

Wailesi inafa ija, bambo, musaitaye ku dzala. Mpatseni mwini kuipha, pamodzi ndi mita, ndipo mumuuze kuti mufuna kumva dzina la ciwalo cimene cinafa ndi cifukwa cace. Mudzatilemberenso zimene adzayankha.

Inu nonse amene muli ndi mafunso pa nchito za ana anu, lembani kwa Mkonzi. Sabata ya mawa tidzakamba za nchito yoyeza malo. Tsalani bwino.